Maburashi m'Makapu a Alendo

Ndinakwatiwa ndi wojambula zithunzi, koma mpaka imvi kuti mbuu m'mutu muno ndinalibe chithunzi choti n'kuonetsa munthu. Sekani ngati mukufuna, ine sizinkandiseketsa. Sindikunena wojambula wa kamera ayi, ndikunena wa burashi ndi penti, uja amaimika chinsalu patsogolo pake n'kumakuyang'ana ndi diso limodzi ngati akufuna kukugula. Amuna anga andijambula kuyambira ndili ndi chiuno mpaka lero pamene mawondo amayamba ndi iwo kulankhula ndikamadzuka pampando. Nkhope yanga yadzaza chipinda chonse cha kuseri, ina ili pansi pa bedi, ina pamwamba pa wadiropu. Koma mukanatenga chinsalu chimodzi n'kupita nacho kupolisi kuti mayi uyu wasowa, akanakubweretserani munthu wina aliyense, mwinanso mbuzi.

Nkhaniyi inandigwira pamaliro a mnzanga. Tinagwira naye ntchito zaka zambiri kudepoti ya mabasi, iye pazenera lake, ine pazenera langa, kugulitsa matikiti ndi kukalipira anthu odumpha mzere. Patsogolo pa bokosi lake anaimika chithunzi cha mufelemu: tsitsi lokonza bwino, kolala yoyera, kumwetulira kwaulemu. Aliyense wodutsa ankapukusa mutu n'kunena kuti, "Ndi yemweyu ndithu." Pobwerera ndinafunsa mwana wanga wamkazi womaliza, mzime wathu, kuti, "Nanga ine mudzaika chiti?"

"Chobiriwira chija, amayi," anatero mwanayo osaganiza n'komwe. "Kapena cha mphuno ziwiri. Anthu adzalira uku akuseka."

Ndinamumenya ndi kachikwama paphewa, koma mawuwo anandikhala pamtima.

Panali chinanso chimene m'nyumba mwathu tinkachilambalala ngati dzenje la pamsewu. Dzanja lamanja la amuna anga linali litayamba kunjenjemera. Poyamba inali supuni yokha kumangolira m'kapu, kenako tiyi kutayikira pamalaya, kenako mabatani kuwakanika. Adokotala anawapatsa timapiritsi, koma sanabise mawu: dzanjalo silidzabwerera m'mbuyo. Ndiye ndinadziwa kuti ngati nkhope yangayi ndikuifuna, ndiyenera kuilanda dzanjalo lisanathe.

Masiku omwewo kunabwera mtsikana wochokera kunyumba ya zionetsero ya m'tauni. Ankafuna kukonza chionetsero cha ntchito yonse ya amuna anga, kuyambira pachiyambi mpaka lero. Anali mwana waulemu, wa magalasi aakulu ofika m'masaya, moti ife tinangomutcha Magalasi. Anatulutsa zinsalu zonse, kuzipukuta fumbi, n'kuzindandalika m'kolido motsamiritsa kukhoma, zakale koyambirira, zatsopano kumapeto. Akuti ntchito ya abambo ili ndi nyengo zake, ngati chaka. Anandifunsa ndi mawu ofewa kuti ndimamva bwanji kukhala gwero la luso lonseli. Ndinamuuza kuti ndimamva msana. Kenako ndinayenda m'kolidomo tsache lili m'manja, ndipo kanali koyamba kudziona ndekha ndikuonongeka mwadongosolo.

Nyengo yoyamba ndilibe nayo mlandu. Tinali titangolowa m'banja, tikukhala m'kachipinda kamodzi ka lendi, ndipo bambowa ankajambula tsitsi lililonse palokha, ndi ulusi wa diresi womwe. Vuto lake, kamtsikana ka pachinsalupo kakuyang'ana pansi ndi manyazi, manja pamiyendo, pakamwa potseka. Ameneyo ine ndinamusiya kalekale. Mutamuika patsogolo pa bokosi langa anthu angati asokera, abwera pamaliro a eni.

Kenako kunabwera kubiriwira. Tsiku lina bambowa anangodzuka n'kulengeza kuti mthunzi si wakuda, ndipo khungu la munthu lili ndi mitundu yonse ya padziko, kungoti anthu ndi aulesi poyang'ana. Zotsatira zake, ine masaya obiriwira ngati masamba, khosi labuluu, pansi pa maso pachikasu. Achemwali anga aakulu ataona chimodzi pabalaza sanafunse kanthu, anangobwera mawa lake ndi mankhwala a chiwindi. Magalasi anati imeneyo ndi nyengo imene mtundu unamasuka. Chabwino, unamasuka, koma unamasukira pa ine.

Yachitatu ndiye ija yoswekasweka, nkhope ngati mbale yogwa pasimenti imene mwana waimata mothamanga. Maso onse awiri tsaya limodzi, mphuno ina kuloza kutsogolo ina kuloza kukhitchini, pakamwa pawiri, ponse potsegula. Iwo amati munthu sakhala ndi mbali imodzi, ndiye kumujambula mbali imodzi ndi bodza. Ine ndimati nthawi imeneyo ana anali atatu, wina akukwera zenera, wina akudya sopo, ndiye mutu wanga ukanakhala bwanji malo amodzi? Mwina tonse tikunena zoona, kaya. Chimene ndikudziwa n'choti m'nyengo imeneyi aphunzitsi aakulu ena anabwera kudzajambulitsa chithunzi cha mu ofesi yawo. Atachiona anatuluka chambuyo mpaka kuiwala chipewa, mbiri n'kuwanda, ndipo kuchokera pamenepo palibe wina anakhalanso pampando wa ojambulidwa koma ine ndekha.

Yachinayi anasiya burashi n'kutenga mpeni wanga wopakira majarini. Penti ankachita kumuunjika, mulu pamphumi, mulu pachibwano, chinsalu kulemera ngati chitseko. Chinkatenga miyezi kuti chiume, ndipo pa china ntchentche inatera pamphumi panga n'kukanirira. Ilipobe mpaka lero. Magalasi anaiyang'anitsitsa, n'kufunsa mwaulemu ngati inaikidwapo dala. Bambowa, opanda ndi manyazi omwe, anati, "Inasankha yokha, ine ndinangolemekeza maganizo ake."

Yomaliza ndiye inandimaliza. Chinsalu chachikulu choyera mbee, pakati kamzere kamodzi kakuda kopindika, pansi pake kadontho kofiira. Basi. Dzina lake akuti "Akazi anga Lolemba m'mawa." Ine kukhala pampando m'mawa wonse kuti patuluke kamzere! Ndipo anthu ankaima patsogolo pake atagwira chibwano, osaphethira.

Mufunsa kuti nanga ndinkalolera bwanji kukhala pampandopo zaka zonsezi. Sindinkalola, zinkangochitika. M'kabati ya pabalaza muli makapu anga a alendo, oyera a mkombero wagolide, amene malemu amayi anga anandipatsa ndikulowa m'banja. Sagwiridwa wamba, ana anga akula osamweramo. Koma bambowa, zitini zili mbwee m'chipinda chawo chojambuliramo, ankati akafuna poika maburashi n'kukatenga kapu yanga ya alendo. Ndikulowa ndi tsache, ndiipeze ili patebulo pakati pa machubu a penti, maburashi ali njo m'katimo. Abale inu, mutu unkangoyaka. Ndikayamba kulankhula, iwo mwaulemu n'kukoka mpando wa pazenera. "Pepani mayi, ndalakwa. Khalani apa, muzinena muli pansi, miyendo ingatupe." Ine n'kukhaladi, chifukwa mawu anga ndi ambiri, sathera choimirira. Ndinkayambira pa kapu, kudzera padenga lodontha, kulowa kwa abale awo, mpaka tsiku lija anandisiya pamsika n'kubwerera kunyumba okha ataiwala kuti tinapita awiri. Pamene ndikumaliza, iwo akusamba m'manja, nkhope ili ngwee. Ine ndinkangoti ndi kusamva kwa amuna.

Magalasi atapita tsiku limenelo ndinawakhazika pansi amuna anga.

"Bambo, ndikufuna chithunzi."

Analoza kolido yonse. "Nanga zonsezo ndi za ndani?"

"Ndati chithunzi. Maso awiri, lililonse kwawo. Mphuno imodzi. Khungu la mtundu umene ndinabadwa nawo. Choti tsiku langa likadzafika anthu adzanene kuti ndi yemweyu ndithu."

"Wa kamera wa pafupi ndi positi ofesi uja amajambula bwino," anatero akuyang'ana kumbali.

"Mwati chiyani? Mkazi wa telala akasoketse kwa telala wina? Tauni yonse idziwe kuti amuna anga mphuno imodzi yokha yawakanika?"

Kenako anakweza dzanja lija pakati pathu, likunjenjemera lokha ngati tsamba. "Mukuliona ili, mayi? Zimene mukupemphazo zimafuna dzanja la mnyamata."

"Ndikuliona," ndinatero. "N'chifukwa chake ndikupempha lero, osati chaka chamawa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kuvomera ndi mutu wokha.

Ndinakonzeka ngati wokafunsira ntchito. Tsitsi kusaluni, diresi langa labuluu la kolala ya lesi, ndolo za pachikwati cha mwana wathu woyamba. Ndipo pofuna kuti pasakhale chosokoneza nkhope yanga, ndinakhoma kabati ya makapu, kiyi n'kumumangirira pachingwe m'khosi. Ndinalumbira kuti ulendo uno sindipsa mtima ngakhale denga ligwe. Ndinakhala pampando wa pazenera, manja pamiyendo, milomo pamodzi, kumwetulira pang'ono ngati mnzanga uja, duu.

Tsiku loyamba bambowa anatuluka kupita pabalaza, ndinamva akugwedeza chitseko cha kabati. Anabwerako manja ali lende. Kundiyang'ana ine, kuyang'ana chinsalu, kundiyang'ananso. Khala lolembera lili m'manja koma osalemba kanthu.

"Kodi mwadwala?"

Ndinapukusa mutu.

"Mwakwiya?"

Ndinaonjezera kumwetulira.

"Mayo ine," anatero chapansipansi, n'kuyamba.

Ntchito inayenda ngati nkhono. Anapeza ndodo yaitali, kunsonga anaikulunga kansalu, n'kumaitsamiritsa pachinsalu kuti dzanja lizigonapo. Akalemba kamzere kamodzi ka chikope, apume kaye, thukuta lili kamukamu. Ndipo pakati pa ntchitoyo anayamba makhalidwe amene sindinawamvetse. Tsiku lina anapukutira burashi pakatani yanga yatsopano, akundiyang'ana m'maso. Ndinaluma lilime. Tsiku lina anati, "Mukudziwa, achemwali anu aja amaphika bwino kuposa inu." Achemwali anga amene amapsereza ndi madzi omwe! Nsidze yanga inayamba kukwera yokha, ndinachita kuibweza ndi chala. Tsiku linanso analowa ndi nsapato zamatope, kuyenda pang'onopang'ono pamene ndinali nditangokolopa, kupita n'kubwerera ngati akuyeza munda. Ndinameza mawu mpaka mimba kutupa. Madzulo ndinkakatsegula mpopi wa kubafa n'kumakalipira sopo.

Pomalizira anasiya kundiputa. Tinangokhala awiri m'chipindamo, wotchi ikugunda, burashi ikukwecha, ziii ngati pamzere wa kuchipatala. Chilowereni m'banja sindinamvepo nyumba yathu ili chete choncho. Ngakhale a nyumba yoyandikana nayo anatuma uthenga kufunsa ngati tasamuka. Ndinaona kuti bambowa akusiya chakudya m'mbale, lamba akumubowola pena, koma ndinati ndi nkhawa ya dzanja lija.

Lamulo lawo ndi loti munthu saona chinsalu chisanathe. Tsiku limene anachitembenuza, abale anga, ndinalira. Mayi wokongola, wodekha, maso awiri ofatsa, lesi ya kolala ulusi uliwonse ukuoneka, ndolo zikuwala. Ngakhale kachipsera ka pachibwano panga kanalipo.

"Ndi ineyo?" ndinafunsa.

"Ndi zimene munaitanitsa," anayankha. Sanachiyang'ane kachiwiri. Anatuluka n'kukakhala pakhonde ngati munthu wochokera kumanda.

Magalasi atabwera kudzatenga zinsalu anachizungulira chithunzicho, kuyandikira, kubwerera m'mbuyo. Anati luso lake ndi loopsa, makamaka ndi dzanja lotere, koma anafuna kudziwa kuti achiike m'nyengo iti. Bambowa anati, "Funsani eni ake." Ine ndinati achiike poti aliyense achione, nkhani ya nyengo asiyire alimi.

Chionetsero chinatsegulidwa Loweruka masana. Makoma oyera, magetsi oloza chinsalu chilichonse, anthu onunkhira atagwira matambula a zakumwa. Nyengo zonse anazipachika motsatana kuzungulira holo, ndipo chithunzi changa chatsopano chinali chomalizira, pafupi ndi khomo lotulukira. Ine ndinakabisala kuseri kwa chipilala chapafupi, makutu ali tcheru, kudikira kuti wina anene mawu aja.

Anthu ankafika, kuyang'ana, "Eee, luso lilipo," n'kudutsa kulondola mbale za mabisiketi. Mnyamata wina anauza mnzake kuti chikufanana ndi zithunzi za pakalendala. Mayi wina anasirira kolala yokha. Woti ndi yemweyu ndithu, ayi, panalibe.

Phokoso linachokera mbali ina ya holo. Bambo wina wachikulire wa chipewa, amene sindinkamudziwa n'komwe, anali ataima patsogolo pa choswekasweka chija akuloza ndi ambulera.

"Awa ndi mayi a matikiti! A kudepoti! Ndi omwewa, ndikulumbira! Ankatha kukalipira anthu awiri nthawi imodzi, wina kutsogolo wina kumbali, ndipo pakamwa pake pawiri ndi pomwepa!"

Anthu anamuunjirira. Iye anasuntha, gulu lili pambuyo, mpaka kufika pa kamzere kaja. Pamenepo anavula chipewa, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono. "Nsidze iyo," anatero motsitsa mawu. "Ikakwera chonchi, bwerera wekha kumapeto kwa mzere usanauzidwe." Holo inaseka chikhakhali. Mayi wina amene tinakhala naye moyandikana kalekale anawonjezera kuti chobiriwira chija ndi mmene ndinkaonekera nkhuku zake zikalowa m'maluwa anga. Ine kuseri kwa chipilala, manyazi mbali ina, mkwiyo mbali ina, koma ndinagwirabe lumbiro langa.

Ndili chomwecho wina anandigwira mkono. Achemwali anga, nkhope ili yachisoni.

"Ndakupeza. Bwera kuno, mng'ono wanga." Anandikokera pakona. "Limba mtima. Amuna ndi choncho, ngakhale okalamba."

"Mukunena chiyani, achemwali?"

"Usabise, ndamuona. Uyo ali pakhomoyo. Alamu alibe manyazi, kumupachika poyera chonchi iwe uli moyo? Ndipo amasankha dala wofananako nawe, koma wofatsa. Taona, mpaka diresi lako anamuveka! Ndolo zako! Chikomekome cha mkuyu ameneyo, ofatsa chonchi ndi amene amaphwasula mabanja."

"Achemwali, ndi ine."

"Iwe? Unayamba watsekapo pakamwa chonchija iwe? Ndakulera ndine, usandiuze zimenezo."

Mzime wanga anali atafika pambali. Ndinamukoka. "Tawauza amayi ako aakuluwa."

"N'chokongola, amayi," mwanayo anatero akukanda khutu. "Kungoti mayi amenewa ndikanakumana nawo pamsewu ndikanangowapatsa moni n'kudutsa."

Basi. Zonse ndinameza masabata aja zinabwera nthawi imodzi, za katani, za matope, za sopo. Sindikudziwa kuti ndinafika bwanji pakati pa holo.

"Ndati ndi ine! Ndi ineyo ameneyo! Ndinakhala pampando mpaka matako kuchita dzanzi, kusaluni anandiotcha ndi khutu lomwe, amuna anga kuvutika ndi ndodo ngati akuwedza, ndiye inu mubwere muno ndi matambula anu, kudya mabisiketi a eni, n'kumati kalendala? Kalendala ndi ndani? Ndipo inu a chipewa, ngati ndinakukalipirani ndiye kuti munadumphadi mzere!"

Anali mawu aja a kudepoti, amene ankamveka injini zonse zikulira. Ndinkatembenukira kwa achemwali, kwa mwana, kwa mnyamata wa kalendala, chala chili m'mwamba. Holo yonse ziii. Kenako ndinaona mitu ikuyenda: kwa ine, kukhoma, kwa ine, kukhoma. Magalasi anavula magalasi ake, kuwapukuta, kuwavalanso. "Mayo," anatero, "zonsezi ndi iwowa." Bambo wa chipewa anali atabwerera kale kumapeto kwa gulu, chipewa chili pachifuwa ngati wapezeka alibe tikiti. Wina anayamba kuwomba m'manja, onse n'kutsatira. Kuwombera m'manja mkwiyo wanga!

Pakona ndinaona amuna anga. Iwo sankaseka. Maso ali pa ine, akuwala ngati a mnyamata, chala cha dzanja lodwala lija chikuyenda pathalauza, chikulemba.

Kunyumba sindinawalankhule. Ndinavula ndolo, kiyi wa kabati n'kumuponya patebulo, n'kukadzitsekera kuchipinda. Ndinali ndi chisoni, ndisaname. Chinthu chimodzi chokha ndinapempha m'banja lonseli, anandipatsa, ndipo chinapezeka kuti si changa.

M'mawa mwake ndinadzuka molawirira kuposa masiku onse. Ndikupita kukhitchini wopanda nsapato, ndinamva kapu ikulira pambale yake m'chipinda chojambuliramo. Chitseko chinali chotseguka pang'ono, ndinasuzumira. Bambowa anali atagwira kapu yanga ya alendo ndi manja awiri, lilime lili panja ngati mwana wonyamula mazira, akuitsitsa patebulo pang'onopang'ono. Kenako anatsegula dirowa, kutulutsa kamtolo kokulunga m'nsalu yoyera, kumasula, n'kuyamba kuika maburashi m'kapumo imodziimodzi. Anapita pakhomo cha m'kati kukayeza ngati ikuonekera kwa munthu wolowa, anabwerera kukaisuntha pang'ono, anakonza mpando wa pazenera kuti uloze kuwala. Atatero anakhala pansi, manja pamiyendo, kudikira.

Ndinalowa. Ndinazula burashi imodzi m'kapumo. Youma gwa, tsitsi lake silinalawepo penti, chogwirira chokha n'chimene chinasuluka ndi ukalamba. Ndinasuzumira m'kapu, mbee. Pamenepo m'pamene nzeru zinandifika: zaka zonsezi ndakhala ndikulanda makapu amenewa m'chipinda muno, kuwatsuka ndi mkwiyo mpaka manja kuwawa, koma sindinapezepo kadontho ka penti ngakhale kamodzi, ngakhale kafungo.

"Bambo," ndinatero, "maburashi awa ntchito yake ndi chiyani?"

Anayang'ana pansi ngati mwana wogwidwa akunyambita shuga. "Ndi a kapu."

"A kapu."

"Tsiku loyamba lokha ndi limene ndinaikamo mwangozi, tili m'kachipinda ka lendi kaja. Munandikalipira koyamba. Ine kuyang'ana chonchi, mitundu yonse ikuyenda pankhope panu, ndinati kodi munthu ameneyu anali kuti masiku onsewa? Mawa lake ndinakagula awa. Makapu a malemu amayi sindingawadetse, ndine wamisala ngati?"

"Ndiye zaka zonsezi mwakhala mukundiputa dala? Ine kuthamanga magazi, kumwa mapiritsi, kuuza adokotala kuti ndi ntchito ya kudepoti?"

"Mukakhala chete sindikuonani, mayi. Ndimaona diresi, ndimaona ndolo." Anakweza maso. "Chija munaitanitsa chija ndinachijambula, ndi chanu, sindikudandaula. Koma masiku onse aja, inu muli duu, wotchi ikugunda, ine ndinkangomva mmene nyumba ino idzakhalire tsiku lanu likadzafika. Musadzandipemphenso. Dzanja latsala pang'onoli ndikufuna lithere pa munthu wamoyo."

Ine amene sindinasowepo chonena chibadwire, ndinasowa. Misozi inabwera yokha. Ndinawakonda bambo amenewa nthawi imeneyo moti zinandipsetsa mtima. Ndinabwezera burashi ija m'kapu, ndinapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kukakhala pampando wa pazenera, tsitsi lili nyankhalala, chovala chogonera chili m'thupi.

"Tengani khala lanulo," ndinatero. "Munthu wamkulu, wa zidzukulu, kunamiza mkazi wako zaka zonsezi! Ndipo nkhani ya achemwali kuphika bwino ija musaganize kuti ndaiwala. Ndi katani yanga yomwe."

"Pang'onopang'ono, mayi," anatero akuthamangira chinsalu. "Tembenukirani kuzenera."

"Musandiuze kotembenukira!"

Chimene chinatuluka ndi mizere yonjenjemera yokhayokha, ngati nkhope yooneka m'madzi a m'beseni wina ataligwedeza. Ndodo ija anaitaya, akuti dzanja likafuna kuvina, livine. Magalasi atabwera kudzabweza zinsalu anaima patsogolo pake nthawi yaitali, n'kunena kuti nyengo yatsopano yayamba. Achemwali anangoti, "Eya, uyu ndiye ndikumudziwa," n'kuchotsa mapazi patebulo langa.

Mayi wofatsa uja tinamupachika pabalaza, pamwamba pa kabati. Alendo akafunsa ndimati ndi mkazi wachiwiri wa abambo, salankhula, sadya, tikukhala bwinobwino. Mzime ndamuuza kale kuti tsiku langa likadzafika asadzayerekeze kumuika ameneyo patsogolo pa bokosi langa. Adzaike chonjenjemeracho.

Dzanja lija likupitabe, monga ananenera adokotala. Kapu sangaigwirenso osaigwetsa. Ndiye masiku ano m'mawa ndimatsegula kabati ndekha, kutenga kapu, kuikamo maburashi aja, kuiika patebulo poonekera. Kenako ndimatuluka, kukatenga tsache, n'kulowanso. Ndipo musaganize kuti ndimachita kunamizira. Ndikangoiona ili pamenepo pakati pa machubu a penti, kapu ya malemu amayi anga, mtima umapsa ndithu, ndipo iwo amakhala atakoka kale mpando.